Nardong Putik: Chigawenga Chomwe Chidasanduka Ngwazi

 Ndidasowa masabata angapo. Mukudziwa nokha mmene teremu ino imakhalira, kuchonga mapepala mpaka maso kuchita chidima.

Lero ndikutengerani kutali, ku dziko la Philippines. Kumeneko kudali munthu wina dzina lake Leonardo Manecio, yemwe mpaka lero amadziwika ndi dzina loti Nardong Putik. Boma linkamutcha chigawenga choopsa cha m'chigawo cha Cavite. Makhothi adamupeza wolakwa pa milandu yakupha anthu. Koma alimi osauka ankamubisa m'midzi mwawo, ndipo ataphedwa mu 1971, chaka chotsatira anthu adakhamukira kukaonera filimu ya moyo wake ngati akukaona ngwazi. Nkhani yake ndaiwerenga kangapo, ndipo nthawi zonse imandisiya ndi funso limodzi: pa ungwazi wa munthu ameneyu, adadyerapo ndani?

Tiyambe ndi dzinalo. Nardo ndi chidule cha Leonardo, pomwe mawu oti putik m'chiyankhulo cha Tagalog amatanthauza matope. Kukadakhala kwathu kuno bwenzi tikumutcha Nardo Wamatope. Anthu amasimba kuti asilikali akamuthamangitsa, iye ankalowa m'munda wa mpunga n'kumira yense m'matope pakati pa njati zoweta zomwe alimi a kumeneko amalimira, uku akupuma kudzera m'kansungwi kapena m'phesi la papaya. Amene mudakulira kumudzi mukulidziwa phesi limeneli, lija tinkapangira zitoliro tili ana. Asilikali ankafika, kuunguzaunguza, kuona njati zokhazokha zikubzikula, n'kubwerera chimanjamanja. Kaya zidachitika kamodzi kaya kakhumi, dzinalo lidamukanirira, ndipo lidayamba kumugwirira ntchito palokha.

Cavite ndi chigawo chomwe chili kummwera kwa mzinda wa Manila, m'mphepete mwa nyanja ya Manila Bay. Si kuthengo kwakutali ayi, kuchoka ku likulu la dzikolo ndi ulendo waufupi pagalimoto. Manecio adabadwira m'mudzi wa Sabang, m'tauni ya Dasmariñas, m'zaka za m'ma 1920. Koma kuti timvetse chifukwa chomwe anthu a kumeneko sadanyansidwe naye, tiyenera kubwerera m'mbuyo, iye asadabadwe.

Dziko la Philippines lidalamulidwa ndi Spain kwa zaka zoposa 300, mpaka 1898. M'nthawi imeneyo minda yachonde kwambiri ya ku Cavite idali maesiteti a magulu a ansembe ochokera ku Spain. Mlimi wamba ankalima pamalo poti si pake, n'kumapereka lendi chaka ndi chaka. Amene mudaphunzira za thangata m'kalasi mwanga simungavutike kumva ululu wake, ngakhale kuti kayendetsedwe kake kadali kosiyana. Ena amene adachotsedwa paminda kapena kulephera lendi adathawira kumapiri n'kusanduka achifwamba, omwe kumeneko amawatcha tulisan. M'maso mwa mwini esiteti, tulisan adali mbala basi. M'maso mwa mlimi, adali mwana wa m'mudzi momwemo amene zidangomukwana.

Ndi ku Cavite komweko, m'tauni ya Kawit, komwe Emilio Aguinaldo adalengeza ufulu wa dziko la Philippines pa 12 June 1898. Ufuluwo sudakhalitse, chifukwa kumapeto kwa chaka chomwecho Spain idapereka dzikolo kwa America pamtengo wa madola 20 miliyoni. Mu 1902 atsamunda atsopanowo adakhazikitsa lamulo loti magulu opitiriza kumenya nkhondo azitengedwa ngati achifwamba wamba. Macario Sakay, mmodzi mwa atsogoleri amene adakana kugonja, adanyongedwa mu 1907 pa mlandu wa uchifwamba. Lero Sakay amalemekezedwa ngati womenyera ufulu. Mukuliona vuto lake? Boma likazolowera kutcha aliyense wotsutsana nalo chigawenga, mawuwo amasukuluka. Tsiku lodzabwera chigawenga chenicheni, anthu amangoti, "Aaa, ndi mmene amanenera masiku onse." Nardong Putik adakolola chikaiko chomwe ena adafesa kalekale.

Kenaka kudabwera nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Asilikali a Japan adalamulira dzikolo kuyambira 1942 mpaka 1945, ndipo nkhondo itatha mfuti zidatsala mbwee m'manja mwa anthu wamba. Dzikolo litalandira ufulu pa 4 July 1946, ndale za m'zigawo zidagwera m'manja mwa mabanja amphamvu, ndipo bwana wandale woti adziwike ankayenera kuweta anyamata ake amfuti. Eni dzikolo ankanena okha kuti chisankho chimapambanidwa ndi zinthu zitatu: mfuti, zigandanga ndi ndalama. Ku Cavite kudalinso phindu lina. Gombe lake lidali khomo lolowetsera katundu wozembetsa, makamaka ndudu zakunja zosalipira msonkho, ndipo katundu wotereyu amafuna alonda oti sachita mantha. Mkulu amene dzina lake linkagunda kwambiri pa ndale za chigawocho adali Justiniano Montano, yemwe adakhalapo seneta komanso phungu wa Cavite kwa zaka zambiri. Mwana wake Delfin adakhala bwanamkubwa wa chigawocho kuchokera mu 1956 mpaka 1971.

Pali mfundo ina yomwe tiyenera kuigwiritsa. M'zaka zimenezo apolisi a m'matauni ankalembedwa ntchito ndi meya, ndipo ankamvera meya. Meya akagwa pa chisankho, apolisi ake nawonso ankatha kugwa naye, wolowa m'malo n'kubwera ndi anyamata ake. Ndiye kuti munthu mmodzi yemweyo ankatha kuvala yunifolomu chaka chino, chaka chamawa n'kumasakidwa ndi ovala yunifolomu. Malire a pakati pa wapolisi ndi chigandanga adali opyapyala ngati pepala la mayeso.

Manecio adakulira m'dziko lotereli. Mbiri yake imati adali dalaivala, ndipo nthawi ina adagwirapo ntchito yaupolisi kwawo ku Dasmariñas. Imatinso bambo ake adaphedwa ndi adani awo a ndale. Omuikira kumbuyo amakonda kuyambira pamenepa: mwana amene adamanidwa chilungamo, ndiye adakachifuna ndi mfuti. Ndi chiyambi chokoma ndithu. Koma tamvani milandu yake.

Mu 1952, m'tauni ya Maragondon, meya Severino Rillo, mkulu wa polisi Bernardo de Guia ndi apolisi ena adagwidwa n'kuphedwa ndi mipeni. Dzina la Nardong Putik lidatchulidwa, ndipo adamangidwa. Seneta Montano nayenso adazengedwa mlandu pa nkhani yomweyo, koma mu 1953 khothi lalikulu lidamupatsa belo, mlanduwo sudamugwire, ndipo adapitiriza ndale kwa zaka zina pafupifupi 20. Putik adathawa m'chitokosi cha asilikali ku Imus mu 1955. Pa tsiku la chisankho mu November 1957, mkulu wa asilikali achitetezo m'chigawo cha Cavite, Lt. Col. Laureano Maraña, adaphedwa pamodzi ndi anthu ena 7, ndipo mlanduwo udalozanso Putik. Mu 1958 adamupanikiza m'chigayo cha mpunga ku Imus, ndipo adamugamula zaka 182 ku ndende yaikulu ya ku Muntinlupa. Zaka 182, anthuni! Koma mu 1969 munthu uja adathawanso n'kubwerera kwawo ku Cavite.

Apa ndi pomwe ndimaima ndikamakamba nkhaniyi m'kalasi. Taonani anthu amene adafa: meya, mkulu wa polisi, mkulu wa asilikali pa tsiku lenileni la chisankho. Kodi amenewa ndi anthu oti mbala yofuna ziweto n'kulimbana nawo? Nanga munthu wa zaka 182 amatuluka bwanji m'manja mwa boma, n'kukakhala zaka zina 2 m'chigawo choyandikana ndi likulu, uku akuyenda pa galimoto yofiira ya Chevrolet Impala? Munthu amene moyo wake ukudalira phesi la papaya sayenda pa galimoto yofiira. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Katswiri wina dzina lake John Sidel adafufuza ndale za ku Cavite, ndipo m'buku lake la mu 1999 lotchedwa Capital, Coercion, and Crime adasonyeza mmene uchifwamba ndi ndale zinkadalirana m'chigawocho. Anyamata amfuti ankaopseza ovota ndi kulondera malonda amdima, mabwana andale n'kumawafunditsa ambulera kuti apolisi ndi makhothi asawanyowetse. Matope enieni amene adabisa Nardong Putik sadali a m'munda wa mpunga.

Komabe tisawanyoze alimi aja ngati kuti adali ogona. Taganizirani mlimi amene chuma chake chonse ndi njati imodzi. Ndiyo pulawo yake, ndiyo ngolo yake, ndiyo fizi ya mwana wake. Usiku wina njatiyo yabedwa. Akapita ku polisi amuuza kuti abwere mawa. Akapita ku khothi pafunika loya ndi thiransipoti ya miyezi, mvula osamudikira. Koma akapita kwa munthu wamfuti wa m'deralo, dandaulo lake limveka lero lomwe, ndipo mwina kukacha njati ija ipezeka itamangiriridwa pamtengo. Inu mukadakhala mlimi ameneyo, mukadapita kuti? Mbiri yoti Putik ankateteza ndi kuthandiza osauka ndiyo idachititsa kuti azimufanizira ndi Robin Hood wa m'nthano za ku England, ndipo mbiri yotere simera pathanthwe. Imamera pomwe anthu agogoda zitseko zonse za boma osatsegulidwa.

Koma mlimi ameneyo sangayerekeze kufunsa kuti, "Kodi akuluakuluwa adziwa bwanji komwe kudali njati yanga?" Funso limenelo n'loika moyo pachiswe. Kuba ziweto kudali m'gulu la milandu yomwe Putik ndi anyamata ake ankatchulidwa nayo. Wakuba ndi wobweza nthawi zina amadyera mbale imodzi. Ndiponso m'mudzi momwe muli munthu wamfuti, chikondi ndi mantha zimavala malaya ofanana. Mayi amene akuphikira mpunga munthu wothawa boma, ndani angalowe mumtima mwake kuti aone ngati akuphika mokondwa kapena monjenjemera? Asilikali akabwera kudzafunsa, womukonda ndi womuopa amayankha chimodzimodzi: "Sitidamuone." Wobwera kudzalemba nkhani n'kupita kukalemba kuti mudzi wonse umamukonda.

Anzanga a History mukumukumbuka Eric Hobsbawm. M'buku lake la mu 1969 lotchedwa Bandits, iye adafotokoza za achifwamba amene boma limawaona ngati zigawenga pomwe anthu akumudzi amawaona ngati owabwezerera chipongwe cha olemera. Mu 1972 Anton Blok, yemwe adafufuza za mafia ku Sicily, adamutsutsa. Iye adati achifwamba otere kawirikawiri amatumikira eni minda ndi andale, ndipo amene amalira nawo kwambiri ndi alimi omwewo. Ine ndimaona kuti onse awiri adanena zoona, kungoti adatchera khutu kosiyana. Hobsbawm ankamvetsera zomwe anthu amasimba ndi kuimba. Blok ankawerenga manda. Nthano imatiuza za njala ya anthu, kuti akulakalaka wina wowaimirira. Mbiri yeniyeni imatiuza amene adapezerapo mpata pa njalayo.

Tsono za zithumwa. Ku Philippines chithumwa amachitcha anting-anting kapena agimat. Chimatha kukhala kameduli kachitsulo, kansalu kapena kapepala kolembedwa mawu ooneka ngati Chilatini cha m'tchalitchi. Anthu ankakhulupirira kuti Putik adali nacho champhamvu zedi, choti chipolopolo sichingamulowe. Ife sitingawaseke, poti nkhani za anthu okhwima timazimva m'minibasi tsiku ndi tsiku, ndipo mukukumbuka za nkhondo ya Maji Maji ku Tanganyika mu 1905, pomwe anthu adauzidwa kuti zipolopolo za asilikali a Germany zisanduka madzi. Ku Philippines komweko, mu May 1967, anthu a gulu lotchedwa Lapiang Malaya adayang'anizana ndi asilikali pafupi ndi Manila atanyamula zikwanje ndi zithumwa. Oposa 30 adafera pamsewu. Chithumwa sichiimitsa chipolopolo, koma chili ndi ntchito yake. Chimanjenjemeretsa dzanja la wowombera, ndipo chimatseka pakamwa pa mboni. Komanso chimapereka yankho lapafupi pa funso lija loti munthuyu bwanji sagwidwa. "Ndi wokhwima uja." Yankho limeneli ukhoza kulinena pamsika n'kukagona tulo tabwino, kusiyana ndi kutchula dzina la bwana amene akumusunga.

La 40 lidamukwanira mu 1971. Mu February chaka chimenecho, ofufuza awiri a bungwe la National Bureau of Investigation, Rogelio Domingo ndi Antonio Dayao, omwe ankatsata nkhani ya minda ya chamba ku Imus, adagwidwa n'kuphedwa ndi gulu lake. Kusaka kudakula. Pa 10 October 1971 galimoto yake yofiira ija idafika pa rodibuloko ku Kawit, tauni yomwe ija ya ufulu. Sidaime. Gulu lotsogozedwa ndi wofufuza wa NBI dzina lake Epimaco Velasco lidaithira zipolopolo, ndipo Nardong Putik adafera pomwepo.

Taonaninso kalendala. Nthawi imeneyo banja la Montano lidali litasemphana ndi Pulezidenti Ferdinand Marcos. Patangotha mwezi umodzi, pa chisankho cha mu November 1971, Delfin Montano adaluza mpando wa bwanamkubwa kwa Lino Bocalan, munthu amene dzina lake linkamveka kwambiri pa nkhani zozembetsa ndudu. Mu September 1972 Marcos adaika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali, nyumba ya malamulo idatsekedwa, ndipo ndale za Montano wamkulu zidathera pomwepo. Aliyense awerenge mmene angawerengere, koma ine ndimati mkhate utayamba kung'aluka, khoswe uja adapheka.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pamaliro? Ndiye ikuyamba kumene. Mu 1972 kudatuluka filimu yotchedwa Nardong Putik. Amene adasewera ngati Putik adali Ramon Revilla, mbadwa ya ku Imus, yemwe adali atasiya mafilimu kwa zaka zingapo n'kumagwira ntchito ku nthambi ya boma ya kasitomu. Filimuyo idamudzutsa. Adapanganso ina ya munthu yemweyo mu 1984, kuphatikizapo mafilimu ena a anthu azithumwa, mpaka adatchedwa mfumu ya agimat. Mu 1992 anthu adamusankha kukhala seneta, ndipo adakhala pampandowo mpaka 2004. Velasco uja, amene adatsogolera gulu lopha Putik, adakwera mpaka kukhala mkulu wa NBI. Moyo wake nawonso adaupangira filimu mu 1994, ndipo mu 1995 adasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Cavite. Wachiwiri wake mukuganiza kuti adali ndani? Bong Revilla, mwana wa Ramon Revilla. Wosaka Putik ndi mwana wa wosewera Putik adagwirana manja n'kulamulira chigawo chomwe Putik adaferamo pamsewu. Bong adalowa m'malo mwa Velasco mu 1998, ndipo mu 2004 naye adakhala seneta. Wopusa adaomba ng'oma, ochenjera navina.

Si ku Cavite kokha. Ku Tondo, dera la anthu osauka mumzinda wa Manila, kudali chigawenga china dzina lake Asiong Salonga, chomwe chidawomberedwa mu 1951 chisadakwanitse zaka 30. Mu 1961 mnyamata wina wa mafilimu, Joseph Estrada, adasewera ngati Asiong, ndipo filimuyo idamutsegulira njira yotchuka ngati mtetezi wa amphawi. Mu 1998 Estrada adakhala pulezidenti wa dziko. Mu 2001 adachoka pampando kaamba ka zionetsero, ndipo mu 2007 khothi lidamupeza wolakwa pa mlandu wosolola chuma, ngakhale adakhululukidwa patangopita masabata ochepa. Osauka ambiri amene adamuvotera ankavotera munthu uja adamuona pa sikirini, amene ankaonetsetsa kuti wolemera wankhanza walandira zibakera filimu isadathe.

Filimu ili ndi mphamvu yomwe buku la History lilibe, chifukwa imasankha yokha poyambira. Ikayambira pa maliro a bambo ake a chigawenga, tonse timalira naye, ndipo aliyense amene amuwombere pambuyo pake timamuona ngati adayenera kufa. Ikadayambira m'nyumba ya wapolisi wa ku Maragondon, mkazi wake akudikira pakhomo chakudya chikuzizira, bwenzi tikutuluka mu holo ndi mtima wina. Lero dzina la Nardong Putik likudziwika m'dziko lonse la Philippines. Apolisi wamba amene adabayidwa mu 1952 aja timangowatcha "ndi ena".

Nanga minda ya mpunga ija? Yambiri ya kufupi ndi Manila idasanduka mafakitale ndi mizere ya nyumba. Kalembera wa mu 2020 adapeza anthu oposa 4 miliyoni ku Cavite, ndipo Dasmariñas ndi Imus tsopano ndi mizinda. Matope ambiri aja adakwiriridwa ndi simenti.

Mwina wina afunsa kuti, "Aphunzitsi, za ku Philippines zikukukhudzani bwanji?" Zimandikhudza chifukwa cha ana amene ndimaima patsogolo pawo m'mawa uliwonse. Tidawalera ndi nthano za Kalulu, kanyama kakang'ono komwe kamapusitsa Njovu ndi Mkango, ndipo palibe mwana amene amakhala mbali ya Njovu. Nthano zimenezo n'zabwino, zimapatsa wofooka chiyembekezo. Koma Kalulu wa m'nthano sasiya ana amasiye. Mwana akakula n'kuyamba kulowa m'ma video show kapena kuonera mafilimu pafoni, Kalulu uja amavala jekete n'kunyamula mfuti, mwanayo n'kumaombabe m'manja monga kale.

Tsiku lina nditamaliza kufotokoza nkhaniyi, mnyamata wina wa Folomu 4 adakweza mkono n'kunena kuti, "Sir, komatu bola iyeyo ankagawirako osauka. Enawa amadya okha." Kalasi yonse idaseka, koma sikudali kuseka kwa nthabwala. Mwana wotere sungamuyankhe ndi mawu aja oti umbava sulipira, chifukwa maso ali nawo. Ndipotu m'nkhani yomweyi umbava udalipira ndithu, kungoti sudalipire wogwira mfutiyo. Ndidamuitanira kubolodi kuti alembe mizere iwiri, mbali ina amene adafa, mbali ina amene adakwera. Koyambako adalemba meya, apolisi, asilikali, ofufuza awiri aja ndi Putik mwini wake. Kwachiwiriko adalemba maseneta ndi abwanamkubwa. Kenaka ndidamufunsa kuti mlimi wa njati uja timulembe mbali iti. Adaima kanthawi choko chili m'manja, n'kunena kuti, "Sir, ameneyo palibe pomulemba. Adangotsala pomwe adali." Yankho limenelo ndikadakhala ndikuchonga, ndikadapereka mamalikisi onse.

Aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti silabasi imatithamangitsa ndipo makalasi athu ndi odzaza. Nardong Putik sadzabwera pa mayeso a MSCE. Koma mphindi 10 zokha pa piriyodi n'zokwanira kuzolowetsa ana kufunsa za ngwazi iliyonse yomwe auzidwa: akusimba nkhaniyi ndani, waiyambira pati, ndipo wasiya maina a ndani? Tikangowaloweza madeti, adzakhoza mayeso koma adzapusitsidwa ndi munthu woyamba amene adzawagawire ndalama pamaliro. Komanso tisamathamangire kuwakalipira akamasirira anthu olemera mwachinyengo. Kusirira kumeneko ndi malungo chabe, nthenda yake ili penapake. Mwana amasirira chigawenga akaona kuti oyenda m'njira yowongoka akungotuwa. Ntchito yathu ndi kumuonetsa mzere woyamba uja wa pabolodi, womwe filimu imabisa.

Inu ana anga akale, ena mwa inu tsopano muli ku polisi, ena m'makhothi, ena m'maofesi momwe anthu amafola ndi mapepala m'manja. Munthu wosauka akabwera ndi dandaulo n'kumuuza kuti abwere mawa, mawalo n'kukhalanso mawa, dziwani kuti sapita kukagona. Amapita kukafuna wina womumvera lero. Nardong Putik sadadziumbe yekha. Adalowa pampata womwe maofesi adasiya, ndipo andale adamugwira dzanja polowapo. Fayilo imodzi yomwe mwaigwirira ntchito mwachilungamo, popanda kufunsa ya fanta, imatseka kampata kamodzi kotero.

Ndipo inu amene ntchito sidapezekebe, amene nthawi ya kampeni mumaitanidwa kukwera malole, kupatsidwa tisheti ndi kandalama ka mowa kuti mukasokoneze msonkhano wa ena, ndikuyankhula nanu ngati kholo. Mpando womwe akukupatsaniwo ndi wa Putik. Bwana amapatsidwa belo, mnyamata wake amapatsidwa zaka 182. Mkhate womwe mwakhalapowo si wanu, ndipo tsiku lomwe udzasweke, eni ake adzagula wina. Mukadzagwa pamsewu, ngati kudzakhale filimu, adzasewera ndi munthu wina, ndipo voti yake idzapita kwa iyeyo.

Ndasiyira pomwepa kwa lero, mawa ndili ndi piriyodi yoyamba. Anzanga amene muli mbali ya Hobsbawm, ndikudziwa kuti simugona nazo izi. Bwerani nazo, tikambirane. Khalani bwino nonse.